Chule, Mbewa ndi Mwana wa pa Wodi: Mbiri ya Maselo a Tsinde



Achinyamata anzanga ndi inu nonse akhristu a m'parishi yathu, aliyense amene anadikirirapo wodwala pa wodi ya ana, kaya pa chipatala cha boma ku Mchinji, kaya ku Ludzi, kwa Guilleme kapena ku Kapiri, mwina anamuonapo mwana wotere. Maso ali chikasu, timanja ndi timapazi tatupa, ndipo akulira usiku wonse chifukwa mafupa akuphwanya. Amuthira magazi, apezako bwino, abwerera kumudzi, koma pakangotha miyezi iwiri wabweranso. Kumudzi anthu ayamba kulozana zala, ati mwanayo analodzedwa. Kawirikawiri mwana wotere sanalodzedwe ayi. Amadwala nthenda ya m'magazi yotchedwa sickle cell, imene munthu amachita kubadwa nayo.

Nthendayi siyachilendo kwathu kuno. Kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2021, atayeza magazi a makanda oposa 10,000 a m'chigawo chapakati, anapeza kuti ana 7 mwa 100 aliwonse ali ndi mbewu ya nthendayi m'thupi ngakhale iwo eni sadwala. Bambo ndi mayi onse akakhala nayo mbewuyi, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe akudwala. Sabata ino tiyeni titsate mbiri ya kafukufuku amene wakhala akufunafuna mankhwala a ana otere. Ndi mbiri imene inafikitsa akatswiri a sayansi ndi Eklezia pa funso limodzi lovuta: kodi n'kololedwa kuthetsa moyo umodzi pofuna kupulumutsa moyo wina?

KODI MASELO A TSINDE N'CHIYANI?

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselowa alipo a mitundu yoposa 200: a khungu, a minofu, a mtima, a ubongo, a magazi ndi ena otero. Ambiri mwa iwo anakhwima kale pa ntchito yawo ndipo sasintha. Koma alipo ena osakhwima, amene amatha kudzichulukitsa komanso kusanduka maselo a mitundu ina. Pa Chingerezi amawatcha stem cells. Ife tiwatche maselo a tsinde, pakuti nthambi, masamba ndi zipatso zonse zimachokera pa tsinde limodzi.

Ena mwa maselowa tili nawo m'thupi mwathu moyo wathu wonse. Amene ali m'mafuta a m'mafupa ndiwo amapanga magazi, ndipo pa sekondi iliyonse amatulutsa maselo ofiira pafupifupi 2 miliyoni. Mwa munthu wabwinobwino selo lofiira limakhala lobulungira, lofewa, ndipo limakhala moyo masiku pafupifupi 120. Mwa mwana wa sickle cell selo lija limapindika ngati zenga lomwetera udzu, limatsekereza timitsempha, ndipo limafa pakati pa masiku 10 ndi 20 okha. Ululu uja ndi kuchepa kwa magazi kuja zimachokera pamenepa. Choncho gwero la vutoli lili m'mafupa, ndipo madokotala anazindikira kalekale kuti wofuna kuchiza ayenera kukafika pa tsinde.

CHIYAMBI: MAFUTA A M'MAFUPA

M'chaka cha 1957 dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, analemba za odwala oyamba amene anawathira mafuta a m'mafupa ochokera kwa anthu ena. Zaka zoyambirirazo zinali za misozi, pakuti odwala ambiri ankamwalira: thupi linkakana maselo achilendo, kapena maselo achilendowo ankaukira thupi. M'chaka cha 1961, ku Toronto m'dziko la Canada, James Till ndi Ernest McCulloch anaonetsa, pogwiritsa ntchito mbewa, kuti m'mafupa mulidi maselo amene amabala magazi. Pang'onopang'ono madokotala anaphunzira kusankha wopereka wofanana ndi wodwala, makamaka m'bale wake wa bere limodzi, ndipo odwala anayamba kuchira.

M'chaka cha 1984 madokotala a pa chipatala cha St Jude mumzinda wa Memphis analengeza chinthu chodabwitsa. Mtsikana wa zaka 8 amene ankadwala khansa ya m'magazi pamodzi ndi sickle cell analandira mafuta a m'mafupa a mlongo wake. Cholinga chinali kuchiza khansayo, koma sickle cell nayonso inatheratu. M'chaka cha 1988, ku Paris, dokotala wamayi Eliane Gluckman anachiza mnyamata pogwiritsa ntchito magazi otsalira mu mchombo wa mlongo wake wongobadwa kumene. Tikumbukire bwino apa: pa njira zonsezi palibe moyo umene unathetsedwa. Wopereka amapereka mwaufulu, nadzuka, napitiriza moyo wake.

CHULE WA KU AFRICA

Mbali yachiwiri ya mbiriyi inayamba ndi chule. M'maiwe ndi m'madambo a kum'mwera kwa Africa, ngakhale kuno ku Malawi, mumapezeka achule aphwatalala, oterera, okhala m'madzi nthawi zonse, okhala ndi tizikhadabo takuda ku miyendo yakumbuyo. Akatswiri amawatcha Xenopus. M'zaka za m'ma 1930, ku Cape Town, kunadziwika kuti chule wamkazi wa mtunduwu akabayidwa mkodzo wa mayi woyembekezera amaikira mazira pakangopita maola ochepa. Motero achulewa anatumizidwa m'zipatala ndi m'malabotale a maiko ambiri kuti azithandiza kuyeza mimba.

Ku Oxford, m'dziko la England, achulewa anakumana ndi mnyamata wina dzina lake John Gurdon. Ali ku sekondale, Gurdon anakhalapo wotsiriza pa anyamata 250 pa phunziro la biology, ndipo mphunzitsi wake analemba kuti maloto ake odzakhala wasayansi anali opanda nzeru. Inu amene mayeso anakuvutani chaka chatha, imvani bwino pamenepa.

Funso la Gurdon linali lakuti: selo likakhwima, kodi limataya malangizo opangira thupi lonse, kapena limangowatsekera? Malangizo amenewa ndiwo amatchedwa majini. Si majini a ziwanda aja ayi, koma malangizo a chibadwa amene amasungidwa m'phata la selo lililonse. M'chaka cha 1962 Gurdon anafalitsa zotsatira zake. Anatenga phata la selo la m'matumbo a mwana wa chule, naliika m'dzira limene analichotsa phata lake, ndipo dziralo linakula n'kukhala mwana wa chule wathunthu, wosambira. Apa panaoneka kuti selo lokhwima silitaya kanthu. Malangizo onse amakhalamo, kungoti ambiri amakhala otsekeredwa. Ambiri anakayika, mpaka m'chaka cha 1996 pamene ku Scotland kunabadwa nkhosa yotchuka ija, Dolly, yochokera ku selo la bere la nkhosa yaikulu.

MLUZA M'MBALE YA MU LABOTALE

Pa 25 Julaye 1978 ku England kunabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zinakumanira mu labotale. Kuchokera pamenepo miluza yambiri ya anthu inayamba kupangidwa kunja kwa thupi la mayi, ndipo yotsala inkasungidwa m'malo ozizira kwambiri. M'chaka cha 1981 Martin Evans ndi Matthew Kaufman ku Cambridge, komanso Gail Martin ku San Francisco, anatha kutenga maselo a tsinde m'miluza ya mbewa ndi kuwaweta m'mbale. Mu Novembala 1998 James Thomson wa pa yunivesite ya Wisconsin anachita chimodzimodzi ndi miluza ya anthu.

Maselo a mluza ali ndi mphamvu imene a m'mafupa alibe. A m'mafupa amabala magazi, koma a mluza angathe kusanduka selo lililonse la m'thupi, ndipo amachulukana m'mbale kwa zaka zambiri osatopa. Anthu anayamba kulota za kuchiza matenda a shuga, kufa kwa ziwalo ndi khungu la maso. Koma walira mvula walira matope. Maselowa amatengedwa pamene mluza uli ndi masiku pafupifupi 5, uli wochepa kuposa kambewu ka fodya, ndipo powatenga mluzawo umafa. Thomson mwini wake anavomereza poyera kuti munthu amene kafukufukuyu samusautsako mumtima ndiye kuti sanamuganizire mokwanira.

Eklezia anali atalankhulapo kale. M'chaka cha 1987 ofesi yoona za chiphunzitso ku Roma, motsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger, inatulutsa chikalata cha Donum Vitae, chophunzitsa kuti munthu ayenera kulemekezedwa monga munthu kuyambira pamene mayi watenga pathupi. Papa John Paul II, amene anatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anabwereza chiphunzitsochi m'kalata yake ya Evangelium Vitae m'chaka cha 1995. Pa 29 Ogasiti 2000, polankhula ku msonkhano waukulu wa madokotala ku Roma, iye anakana njira zoononga miluza, koma analimbikitsa akatswiriwo kuti afufuze maselo a tsinde a anthu akuluakulu. Choncho si zoona kuti Eklezia amadana ndi kafukufuku wa maselo a tsinde. Anakana njira imodzi, naloza ina.

Tinene chilungamo: ambiri mwa amene ankatsutsana ndi Eklezia sanali anthu oipa mtima. Ena anali makolo a ana odwala. Iwo ankati miluza yotsalayo idzatayidwabe, nanga bwanji osapulumutsa nayo odwala? Yankho la Eklezia linali lakuti ulemu wa munthu suyezedwa ndi kukula kwake kapena ndi masiku amene amutsalira, ndipo palibe munthu amene ayenera kusandutsidwa chipangizo cha mnzake. Mkanganowu unafika mpaka ku ndale. Pa 9 Ogasiti 2001 Pulezidenti George W. Bush anaika malire pa ndalama za boma la America zopita ku kafukufuku wa miluza, ndipo mu Malichi 2009 Pulezidenti Barack Obama anamasula chiletsocho. Mkati mwa mpikisanowo munalowanso bodza: kumapeto kwa 2005 ndi kumayambiriro kwa 2006 kunadziwika kuti Hwang Woo-suk wa ku South Korea, amene ankati wapanga maselo a tsinde kuchokera ku miluza yokopera anthu, anachita kupeka zotsatira zake.

NJIRA YACHITATU

Ku Japan kunali dokotala wina, Shinya Yamanaka, amene anayamba ngati wa opaleshoni ya mafupa koma anasiya chifukwa manja ake ankachedwa pa ntchitoyo. Iye anasimba kuti tsiku lina anayang'ana mluza wa munthu pa makina okuzira zinthu ku chipatala cha mnzake, ndipo anakumbukira ana ake aakazi awiri. Anaona kuti kusiyana kwa mluzawo ndi anawo kunali kochepa, ndipo anatsimikiza kufunafuna njira ina.

Maganizo ake anatsamira pa chule wa Gurdon. Ngati selo lokhwima likadali ndi malangizo onse, ndiye kuti payenera kukhala makiyi otsekulira. Iye ndi wophunzira wake Kazutoshi Takahashi, pa yunivesite ya Kyoto, anasankha majini 24 amene ankawaganizira, nayamba kuchotsapo limodzilimodzi mpaka anatsala ndi 4 okha. M'chaka cha 2006 analengeza kuti majini anayiwa akalowetsedwa m'selo la khungu la mbewa, selolo limabwerera ku ubwana n'kukhala ngati la mluza. Mbewa imene ife timaidziwa ngati ndiwo inakhalanso mphunzitsi wa dziko lonse. Mu Novembala 2007 anachita zomwezo ndi khungu la munthu, ndipo gulu la Thomson uja linafika pa zotsatira zofanana mwezi womwewo. Maselo obwezedwawa amatchedwa iPS. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kuchokera pa chule wa 1962 kufika pa mbewa ya 2006 panapita zaka 44. M'chaka cha 2012 Gurdon ndi Yamanaka analandira limodzi mphotho ya Nobel, ndipo m'chaka cha 2013 Papa Francis anasankha Yamanaka kukhala membala wa bungwe la apapa la akatswiri a sayansi.

Mwezi umodzi wokha chilengezedwere maselo a iPS a munthu, mu Disembala 2007, gulu la Rudolf Jaenisch ku America linaonetsa chinthu chotikhudza ife. Anatenga khungu la mbewa zodwala sickle cell, nalibweza kukhala maselo a iPS, nakonza jini lolakwika, napanga maselo obala magazi, nawabwezera m'mbewa zomwezo. Mbewazo zinapeza bwino.

Komabe tisakokomeze. Yamanaka anadziwa majini oyenera kuyesa chifukwa cha zimene ena anaphunzira kale pa maselo a miluza, ndipo kafukufuku wa miluza sanathe. Maselo a iPS nawonso ali ndi zoopsa zake, pakuti akapanda kukhwimitsidwa bwino angathe kuyambitsa chotupa. Ndiponso abweretsa mafunso atsopano, poti akatswiri ena akuyesa kupanga nawo mazira, mbewu ya abambo ndi tinthu tofanana ndi miluza. Chikalata cha Dignitas Personae cha m'chaka cha 2008 chinatipatsa muyezo woyambira: tiziyang'ana kumene maselo achokera. Ochokera kwa munthu wamkulu kapena mu mchombo ndi ololedwa, koma otengedwa mwa kupha mluza wamoyo ayi.

NTCHITO ZAKE MASIKU ANO

Maselowa amagwira ntchito zitatu zikuluzikulu. Yoyamba ndi kuphunzira matenda m'mbale. Dokotala sangadule ubongo wa munthu wamoyo kuti aone mmene nthenda ikuyambira, koma angathe kutenga kadontho ka magazi, n'kupanga maselo a ubongo a munthu yemweyo. M'chaka cha 2016 njira yotere inathandiza kuonetsa mmene kachilombo ka Zika kamaonongera ubongo wa mwana wosabadwa. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku MIT ku America anapanga maselo a chiwindi kuchokera ku iPS, nawapatsa tizilombo ta malungo, kuti aone zimene timachita m'chiwindi tisanalowe m'magazi.

Yachiwiri ndi kuyesa mankhwala. Mankhwala atsopano amathiridwa pa maselo a mtima ogunda m'mbale, kuti zidziwike ngati angavulaze mtima asanaperekedwe kwa munthu.

Yachitatu, yovuta kuposa zonse, ndi kuika maselo atsopano m'malo mwa akufa. Mu Seputembala 2014, mumzinda wa Kobe, gulu la Masayo Takahashi linaika m'diso la mayi wina wachikulire maselo opangidwa kuchokera ku khungu lake lomwe. M'chaka cha 2018 ku Kyoto anayamba kuyesa maselo a iPS pa odwala nthenda yonjenjemera ya Parkinson. M'chaka cha 2025 kunalengezedwa kuti odwala shuga 10 mwa 12 amene analandira maselo opanga insulin anasiya kudzibaya jakisoni, koma maselo amenewo gwero lake linali mluza, ndipo apa funso lathu lija likubweranso. Zambiri mwa izi zinali zoyesa pa anthu ochepa. Chithandizo cha maselo a tsinde chimene chachiritsa anthu ochuluka kufikira lero ndi chakale chija cha mafuta a m'mafupa.

NANGA MWANA WA PA WODI UJA?

Kumapeto kwa chaka cha 2023 maiko a Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy. Madokotala amatenga maselo a tsinde a m'magazi a wodwala sickle cell, kuwakonza mu labotale, n'kumubwezera. Palibe mluza umene umafa. Koma mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni kwa munthu mmodzi. Chonsecho mwa ana 4 aliwonse obadwa ndi nthendayi pa dziko lapansi, atatu kapena kuposerapo amabadwira kuno ku Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chule anachokera kwathu, odwala ambiri ali kwathu, koma mankhwala ali kutali.

Kuwala kukuyandikira pang'onopang'ono. Ku Nigeria anachiza wodwala sickle cell woyamba ndi mafuta a m'mafupa m'chaka cha 2011 ku Benin City, ndipo kwa anansi athu ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba ntchitoyi m'chaka cha 2023. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 2019, wochitikira ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, anaonetsa kuti mankhwala otsika mtengo a hydroxyurea amachepetsa ululu, kuthiridwa magazi ndiponso imfa mwa ana a ku Africa. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kuli kiliniki ya ana a nthendayi.

Apa ndi pamene mbiriyi ikutiloza chala ife eni. N'kosavuta kuteteza mluza umene uli m'labotale ya ku America, umene sitidzauona ndi maso. Koma chifukwa chimene Eklezia amatetezera mluza n'chakuti munthu wochepetsetsa ndi wopanda mawu ali ndi ulemu wathunthu pamaso pa Mulungu. Chifukwa chomwecho chikutimanga pa mwana wa maso achikasu wa m'mudzi mwathu. Tikateteza mluza koma n'kumaseka mwana amene amajomba kusukulu chifukwa cha ululu, kapena kunamizira agogo ake ufiti, ndiye kuti chiphunzitsocho sitinachimve.

Tingachite chiyani? Mwana wodwaladwala motere tipite naye kuchipatala akayezedwe magazi, azigona mu neti, azimwa madzi ambiri, ndipo asadumphe mankhwala ndi katemera. Ife athanzi, amene takwanitsa zaka 16, tizipereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo tichenjere ndi ogulitsa timapaketi ta ufa pa WhatsApp ndi pa Facebook, amene amati muli stem cells ochiza nthenda iliyonse. Selo lamoyo silikhala mu ufa, ndipo munthu salimwa ngati thobwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musagulitse mbuzi kapena fodya wa chaka chonse chifukwa cha bodza lotere.

Kwa inu amene muli pasukulu ndipo mumakonda sayansi, musaope kuti chikhulupiriro chanu chidzakutsekerani njira. Yamanaka anapeza njira yatsopano chifukwa chikumbumtima chake chinakana yakale. Dziko lathu likusowa madokotala, anamwino ndi ogwira ntchito mu labotale okhala ndi mutu wakuthwa ndi mtima wotere.

Tikakumana ku mphakati sabata ino tifunsane: kodi m'dera lathu muli banja limene lili ndi mwana wodwaladwala chotere? Tinalichezera liti? Nanga tinganene chiyani kwa mnzathu amene akuti cholinga chikakhala chabwino, njira iliyonse ndi yabwino?

Ambuye, mwini moyo, aunikire onse ofufuza mankhwala, alimbitse ana odwala ndi makolo awo, ndipo atipatse ife maso oona ang'onoang'ono ake. Amen.